Freeze out si nkhani ya chisanu, achemwali

Achemwali, mwafunsa tanthauzo la mawu a Chingerezi amene mnzanu wakuuzani. Mnzanuyo akamati "they are freezing you out" sakunena za kuzizira ayi. Akukutsinani khutu kuti anzanu akuntchito akukusalani mwadala, mwakachetechete, kuti mutope muchoke nokha. Sakutukwanani, sakukalipirani, amangochita ngati kulibe munthu.

Ine zinandionekera mu 2022, nditangofika ku Leeds, ku UK, pa viza ya care, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Chomwe ndinalakwa n'chakuti ndinauza manejala kuti agogo ena agona ndi thewera lonyowa usiku wonse. Basi. Mawa lake ndinapezeka ndachotsedwa pa gulu la WhatsApp losinthanirana mashifiti. Handover, kuuzana za odwala posinthana shifiti, ankachita ine ndisanafike, ndiye ndinkayamba ntchito osadziwa amene wasinthidwa mankhwala kapena amene sanadye.

Tsiku lomwe sindidzaiwala linali mu Disembala, kunja kukuzizira kosasimbika. Ndinagula mabisiketi ndi ndalama zanga kuti mwina tikamwera limodzi tiyi mitima ifewa. Ndikufika pakhomo la staff room ndikumva phwete la chiseko, anthu asanu. Ndangotsegula chitseko, zii! Senior wathu, mzimayi amene ankatiyang'anira, ananyamula kapu yake n'kutuluka, enawo n'kumulondola mmodzimmodzi. Ndinatsala ndekha ndi ketulo ikuwira, mabisiketi ali m'manja. Ndinakalirira kuchimbudzi ngati mwana, mayi wamkulu wa ana atatu ine. Ndipo mzimayi ameneyo pamaso pa achibale a odwala ankanditchula "darling", mano onse pamtunda. Njoka yeniyeni. Manejala nayenso anangoti "nobody is freezing you out", ine n'kumaganiza kuti akunena za hita. Ndinazindikira tanthauzo lake ndili m'basi.

Pogwiritsa ntchito mawuwa, munthu wosalidwayo mumamuika pakati: freeze me out, freeze her out. Zikakhala zakale ndi froze, they froze me out, kapena I was frozen out. Osasokoneza ndi freeze up, imeneyo ndi ya kompyuta ikaima, mapaipi akauma ndi chisanu, kapena inu mukasowa chonena pa intavyu. Freeze over ndi ya dziwe likauma pamwamba.

Ndiye lembani zonse, tsiku, nthawi ndi amene analipo, ndipo imbirani Acas, bungwe la ku UK lomwe limapereka malangizo a zakuntchito mwaulere. Musalole munthu kukupondani. Koma musathamangire kukadandaula ngati mmene ndinachitira ine, makamaka ngati viza yanu ili m'manja mwa abwanawo, chifukwa ntchito ikatha Home Office, ofesi ya boma yoona za maviza, nthawi zambiri imapereka masiku 60 okha opezera sponsor wina, kutanthauza bwana wina wokuimirirani pa viza. Apatseni moni, gwirani ntchito yanu, tiyi muzimwera panokha. Ine ndinapirira miyezi isanu ndisanapeze kwina, ndipo mpaka lero mabisiketi amtundu umenewo sindigula.