Mafunso ndi Mayankho: Mayi athu okalamba akadzasowanso tidzatani?

FUNSO

Ndikulemba kuchokera kufupi ndi Chitakale kuno ku Mulanje. Mayi anga, omwe anapitirira zaka 80, anayamba kuiwalaiwala kalekale, moti masiku ano amandiitana ndi dzina la mchemwali wawo amene anamwalira ine ndili mwana. Mu Julaye, kunja kuli chiperoni, anatuluka chakumadzulo osabwerako. Amfumu anamema mudzi wonse, anthu anafunafuna m'minda ya tiyi usiku wonse, ndipo ena anayamba kunena kuti atengedwa ndi mizimu ya kuphiri. Anapezeka m'mudzi wina cha ku mtsinje wa Likhubula atazunguliridwa ndi anthu amene ankati ndi mfiti yagwa pa ulendo wa usiku. Tsopano amalume akuti tiziwatsekera m'nyumba, ndiponso tisamauze anthu chifukwa n'zochititsa manyazi. Kodi amenewa ndi matenda anji, nanga akadzasowanso tidzatani?

Mayi wodandaula, Mulanje

YANKHO

Pepani kwambiri mayi, ndipo tikuthokoza Mulungu kuti mayi anu anapezeka ali moyo. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda a ubongo amene achipatala amawatcha dementia, ngakhale kuti wotsimikiza ndi dokotala akawapima. Si ufiti, si misala, komanso si kuti aliyense akakalamba amatero. Bungwe la World Health Organization limanena kuti anthu oposa 55 miliyoni pa dziko lonse ali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo, pakati pa 60 ndi 70 pa 100 alionse, ali ndi mtundu wotchedwa Alzheimer. Ubongo umayamba kutaya zinthu za posachedwa n'kusunga za kale, n'chifukwa chake mayi anu akukuonani ngati mchemwali wawo. Pamene ankatuluka tsiku lija, mwina m'maganizo mwawo ankapita kwawo kumene anakulira, kapena ku esiteti kukathyola tiyi monga ankachitira ali mtsikana. Odwala ambiri amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa, ndipo nthawi imeneyo ndi yofunika kuti pakhomo pakhale munthu wowayang'anira.

Amalume anu akulankhula chifukwa chokonda mlongo wawo, koma pa nkhani yobisayi sindikugwirizana nawo ngakhale pang'ono. Chimene chinatsala pang'ono kuphetsa mayi anu n'chakuti anthu amene anawapeza sankadziwa kuti ndi wodwala. Gogo akapezeka m'bandakucha pabwalo la eni, zovala zitanyowa, akulephera kutchula dzina lake ndi mudzi wake, ena amathamangira miyala asanafunse n'komwe. Tisaiwale kuti mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa ku Neno powaganizira kuti ndi afiti. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, koma lamulo silikhalapo pamalopo gulu likasonkhana usiku. Amene angawateteze ndi munthu mmodzi m'gulumo amene anganene kuti agogowa ndikuwadziwa, ndi odwala, kwawo ndi kwakuti. Choncho auzeni amfumu anu ndi a midzi yoyandikana nayo, akumpingo, apolisi a m'mudzi, ogulitsa pamsika, makamaka anyamata a kabaza, pakuti iwowa amaona aliyense woyenda pamsewu.

Akadzasowanso musadzadikire kuti kuche, ndipo musadzamvere aliyense wokuuzani kuti papite kaye tsiku musanakanene kupolisi. Kuzizira kwa chiperoni kungathe kufooketsa munthu wokalamba usiku umodzi wokha. Mudzayambe ndi pafupi: kuseri kwa nyumba, kuchimbudzi, m'nthochi, m'ngalande, pazitsime ndi m'mbali mwa mitsinje, chifukwa odwala oterewa kawirikawiri amapezeka pafupi ndi pomwe anaonedwa komaliza, atakodwa m'tchire kapena atagwera m'dzenje. M'munda wa tiyi munthu atakhala pansi saoneka ngakhale mutadutsa pambali pake, ndipo mwina sangayankhe mukamaitana, choncho ofunawo ayende motsatira mizere n'kumasuzumira pansi. Powaitana gwiritsani ntchito dzina la paubwana kapena mfunda wawo, ndipo ngati anakula akulankhula Chilomwe, pakhale wina wowalankhula m'chinenero chimenecho, poti ena amabwerera ku chilankhulo chawo choyamba. Gulu lina lipite kumudzi kumene anabadwira, kumunda wakale, kutchalitchi ndi kumanda kumene kunagona abale awo. Nkhani ya mizimu ya kuphiri isakuchedwetseni. Amene akufuna kupemphera apemphere, koma miyendo iziyenda.

Wina athamange ndi chithunzi chawo kupolisi ndi kuzipatala, monga Mulanje District Hospital ndi Mulanje Mission, ndipo uthenga upite pa wailesi ndi m'magulu a WhatsApp, wonena zovala zimene avala komanso mosabisa kuti ali ndi matenda oiwala. Auzeninso a maminibasi opita ku Limbe ndi ku Muloza, chifukwa gogo akakwera galimoto amafika kutali m'kanthawi kochepa. Kuyambira lero muziwajambula pafoni kawirikawiri, ndipo sokererani kansalu kolembedwa dzina lawo, mudzi ndi nambala ya foni m'zovala zawo.

Za kuwatsekera okha m'nyumba, chonde musatero. Munthu wosokonezeka akatsekeredwa amachita mantha, amalimbana ndi chitseko mpaka kudzivulaza, ndipo moto utabuka sangathe kudzipulumutsa. Gawanani masiku pabanja kuti ntchitoyi isakuthereni mphamvu inu nokha, mangirirani kabelu pachitseko kuti mumve akamatuluka usiku, ndipo masana apatseni tintchito timene manja awo akukumbukirabe, monga kusankha nyemba kapena kutong'ola chimanga. Akanena kuti akufuna kupita kwawo musakangane nawo. Aperekezeni pang'ono mukucheza, kenaka mubwerere nawo.

Pitani nawonso kuchipatala cha boma. Mankhwala ochiziratu Alzheimer palibe, koma achipatala angayeze kuthamanga kwa magazi, shuga, maso ndi makutu, komanso matenda ena ochizika, monga a m'chikhodzodzo, amene amawonjezera kusokonezeka mwadzidzidzi mwa okalamba. Amalume anu apite nawo limodzi kuti akamve okha kuchokera kwa dokotala.