Ndapeza 10.8 pamene buku likuti 9.8, kodi ndikonze manambala?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa Fomu 3 wa ku Ndirande. Akuti aphunzitsi a Physics anawapatsa ntchito yoyeza mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, ija timailemba kuti g, pogwiritsa ntchito pendulum (kachitsulo kolendewera pa ulusi kamene kamapita uku ndi uku), ndipo lipoti lake lilowa m'malikisi a teremu ino. Iye wapeza 10.8 pamene buku likuti 9.8. Anzake a m'gulu akumuuza kuti angosintha manambala a m'tebulo kuti yankho ligwere pa 9.8. Akufunsa ngati atero, nanga akapanda kutero alemba chiyani.

Mng'ono wanga, manambalawo usawakhudze. Mphunzitsi amene wachonga malipoti kwa zaka zambiri sachedwa kuzindikira manambala ophika, chifukwa amakhala osalala mopitirira, madontho onse pa graph ali ndondondo pamzere ngati anayeza ndi makina. Dzanja la munthu pa stopwatch silitero. Komanso 9.8 ija si lamulo la paliponse. Kuno ku Blantyre g ili pafupi ndi 9.78, chifukwa tili kufupi ndi equator ndiponso tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Kusiyana kumeneko n'kochepa, sungakuone ndi ulusi ndi rula, koma kukusonyeze kuti aphunzitsi sakufuna kuti uwabwezere nambala ya m'buku. Akufuna aone ngati ukutha kulondola kumene 10.8 yako yachokera.

Tiye tiilondole limodzi. Lamulo lake ndi g = 4π²L/T², L kukhala kutalika kwa pendulum, T nthawi imene kachitsulo kamatenga kupita ndi kubwerera pamene kanayambira. Kuti g ikule chonchi, ndiye kuti L inachuluka kapena T inachepa. Ana ambiri amathamangira kulemba kuti anayeza ulusi wokha osafika pakati pa kachitsulo, kapena kuti anakakokera patali kwambiri asanakasiye. Zolakwika zimenezo zimachitikadi, koma zimatsitsa g, sizikweza. Ukazilemba ngati chifukwa cha 10.8, wochonga adziwa kuti wangokopera.

Chimene ine ndikukayikira ndi kawerengedwe. Wagwira kachitsulo, wakasiya, mnzako wadina stopwatch, iwe pomwepo n'kunena kuti "wani". Pamenepo kachitsulo sikanapite kulikonse, umayenera kunena kuti "ziro". Ukayamba ndi wani, pofika pa 20 kamakhala kapita n'kubwera ka 19 kokha, koma iwe nthawiyo umaigawa ndi 20. Tenga calculator: gawa 20 ndi 19, yankholo ulichulukitse ndi lokha, kenako uchulukitse ndi 9.78. Upeza 10.8. Sindinali nawe mu labu, koma nambala ikafanana chonchi ndi pofunika kuyambira pamenepo. Njira yodzitsimikizira ndi yapafupi: pendulum ya mita imodzi imatenga pafupifupi masekondi 2 kupita ndi kubwera, ndiye maulendo 20 ayenera kukhala pafupi ndi masekondi 40. Ngati m'tebulo mwako muli 38, wamugwira wakubayo.

Za kalembedwe ka lipoti sinditaya nthawi pa mitu imene ukuidziwa kale. Aim ikhale chiganizo chimodzi. Pa Apparatus tchula zimene unagwiritsadi ntchito, ngati munamangirira nati ya njinga chifukwa bob (kachitsulo ka pendulum kaja) inasowa, lemba nati. Procedure uilembe monga zinthu zimene zinachitika kale, moti mwana wa sukulu ina atha kubwereza osakufunsa kanthu: unayeza kuchokera pati kufika pati, unakoka pang'ono bwanji (osapitirira madigiri 10), unawerenga maulendo angati.

Malikisi ambiri amatayikira pa tebulo ndi pa graph. Mayuniti alembedwe pamwamba pa ndime iliyonse, L mu mamita, T mu masekondi, osati kumata "s" pambuyo pa nambala iliyonse. Manambala a ndime imodzi akhale ndi madesimo ofanana, usalembe 1.4 apa, 1.4142 apo. Onetsa nthawi ya maulendo 20 monga inaonekera pa stopwatch, kawiri pa kutalika kulikonse, kenako avareji, kenako T, kenako T². Chifukwa chowerengera maulendo ambiri uchitchulenso: chala chimachedwa kudina ndi pafupifupi masekondi 0.2, ndipo kuchedwa kumeneko kukagawidwa pa maulendo 20 sikuvulaza kwambiri.

Graph ikhale ya T² kumbali yokwera, L kumbali yogona, yojambula ndi pensulo yosongoka, ndipo idzaze kuposa theka la pepala. Mzere ukhale umodzi wowongoka wodutsa pakati pa madontho, ena pamwamba ena pansi, osati kulumikiza dontho ndi dontho. Pofuna slope (kupendekeka kwa mzerewo) jambula triangle yaikulu pamzerewo, usatenge manambala a m'tebulo. Slope yabwino imakhala pafupi ndi 4.0, ndipo g umaipeza pogawa 4π² ndi slope imeneyo. Yako ikhala cha m'ma 3.65. Dontho limene lathawa patali usalifufute, lizungulize n'kunena kuti sunaliwerengere pojambula mzere. Luso lomweli lidzakuthandiza pa practical ya MSCE, mayeso a MANEB akadzafika.

Ngati aphunzitsi angakulole, pempha ulusi ndi stopwatch nthawi yopuma ubwereze, sizitenga ola. Tseka mawindo, mphepo ya chiperoni ikalowa kachitsulo kamayamba kuzungulira m'malo mopita uku ndi uku. Zotsatira zatsopano uziike m'tebulo lachiwiri, loyambalo likhale momwemo. Akakana, pa Conclusion lemba kuti unapeza 10.8 m/s², kuti yaposa ya m'buku ndi pafupifupi 10 peresenti, kuti ukukayikira kawerengedwe ka maulendo, ndipo uonetse samu ya 20 ndi 19 ija pansi pake.