Mafilimu opanda mawu a nthawi ya nkhondo: bwanji ali zii, ndipo analimba mtima bwanji kutosa khonsolo?

Mayi ena a kwathu konkuno amene akugwira ntchito ku England anditumizira imelo. Akuti anaonera pa intaneti kafilimu kakale ka mphindi zochepa, kopanda mawu, komwe kanajambulidwa ndi kagulu ka anthu wamba m'tauni ina ya kumeneko pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. M'kafilimuko munthu wofufuza milandu akulondalonda khansala wodya ziphuphu. Mafunso awo ndi awiri: bwanji kalibe mawu pomwe nthawi imeneyo makanema olankhula analipo kale? Nanga anthu wamba analimba mtima bwanji kutosa akuluakulu a khonsolo nkhondo ili mkati?

Mayi, zikomo kwambiri. Mafunso anuwa ali ngati nkhuni za mtolo umodzi, mukasolola imodzi inzake imatsatira.

Mwalondola, mawu analowa m'makanema akuluakulu kuyambira 1927 ku America, ndipo pofika 1929 ku Britain nakonso anali atayamba. Koma anthu ojambula pongokonda, osati pofuna malipiro, anali ndi zida zawozawo. Kampani ya Pathé ya ku France inatulutsa filimu yopyapyala ya mamilimita 9.5 m'lifupi mu 1922, Kodak inabweretsa ya mamilimita 16 mu 1923, kenako ya mamilimita 8 mu 1932. Makamera ake ankayendera sipuling'i yopukusa ndi dzanja ngati wotchi ya pakhoma, ndipo ukapukusa kamodzi sinkatha ngakhale mphindi imodzi isanaime. Mpukutu wa mafiti 100 wa filimu ya mamilimita 16 unkangokwana mphindi 4. Zida zojambulira mawu zinalipo, koma mtengo wake sunali wa kalaliki kapena mphunzitsi. Choncho mawu ofunika ankawalemba pa kadi n'kuijambula, ndipo poonetsa wina ankakhala pambali kumasintha mbale za galamafoni.

Njira imeneyi si yachilendo kwathu. Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment linazungulira Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland ndi mafilimu a mamilimita 16 omwewa, mawu ake akuchokera pa mbale za galamafoni. Kusiyana kwake n'kwakuti awo anali opangira ife, pomwe kafilimu munaonerako anthu anadzipangira okha.

Nkhondo itabuka mu September 1939, zinthu zinathina. Filimu yosajambula inayamba kusowa m'masitolo chifukwa yambiri inkapita ku ntchito za asilikali. Boma linaika lamulo loletsa kujambula malo ndi zida zankhondo popanda chilolezo. Petulo anali wa makuponi, usiku magetsi sankaloledwa kuonekera panja, ndipo anyamata ambiri a m'magulu ojambulawa anapita kunkhondo. Magulu ambiri anangotseka. Ndiye mukaona kafilimu ka sewero komalizidwa m'zaka zimenezo, dziwani kuti ena ake anadzimana kwambiri. Ine chimandikhudza n'chakuti filimu yochepa yomwe anaipeza movutikirayo sanaithere pa ukwati kapena pa mwana wongoyamba kuyenda, koma pa nkhani ya katangale.

Chifukwa chake chili m'mene makhonsolo analili nthawiyo. Mu 1939 nyumba ya malamulo inaimitsa zisankho za makhansala, ndipo sizinachitikenso mpaka mu November 1945. Khansala akamwalira kapena akatula pansi udindo, makhansala anzake ndiwo ankasankha womulowa m'malo. Taganizirani: zaka 6 anthu osavota, pomwe mphamvu za khonsolo zinali zitakula kuposa kale. Khonsolo ndiyo inkapereka makontirakiti omanga malo obisalamo mabomba, kusankha nyumba zoti zilandire ana osamutsidwa m'mizinda, ndiponso kuyendetsa ntchito yoteteza anthu ndege za adani zikabwera. Kuyambira January 1940 shuga, batala ndi nyama ya nkhumba yowamba zinali za makuponi, ndipo msika wamseri unakula. Pamene pali mzere wautali ndi munthu mmodzi wogwira chidindo, manong'onong'o sachedwa.

Ndipo sikuti anali manong'onong'o okha. Mu 1944 boma linakhazikitsa bwalo lapadera lofufuza momwe khonsolo ya Newcastle upon Tyne inkayendetsera ntchito za ozimitsa moto, apolisi ndi zoteteza anthu. Nkhani ngati imeneyo munthu wa m'tauni ina akaiwerenga m'nyuzipepala, ankayamba kuyang'ana a kwawo ndi diso lina.

Apa ndi pomwe wofufuza milandu uja akulowera. M'matauni ambiri a ku England apolisi ankayang'aniridwa ndi komiti yotchedwa Watch Committee, ndipo mamembala ake anali makhansala. Komitiyo ndiyo inkalemba ntchito mkulu wa apolisi. Mbuzi yodya chimanga ndi yomwenso inagwira chingwe cha galu wolondera munda. Choncho wofufuza wa m'sewero amene saopa khansala, kaya ndi wapolisi wouma mutu kaya ndi munthu wodziimira payekha, anali loto la anthu amene ankadziwa bwino kuti wapolisi weniweni ali ndi ana oti awadyetse.

Komanso nkhani yofufuza mlandu imayenda bwino popanda mawu. Envelopu yodutsa pansi pa tebulo, munthu wobisala kuseri kwa khoma, kalata yogwa m'thumba, mapazi othamanga pa masitepe: zonsezi maso amamva okha. Safuna zovala zodula kapena nyumba yachifumu, jekete lalitali ndi chipewa basi.

Tsopano za kulimba mtima. Kumeneko kunali lamulo la 1909 lopatsa makhonsolo mphamvu yopereka ziphaso ku nyumba zoonetsera makanema. Linabwera chifukwa filimu ya makanema akuluakulu inkayaka moto ngati petulo, koma makhonsolo analigwiritsanso ntchito poletsa mafilimu amene sanawakonde. Filimu yopyapyala ya anthu wamba ija inali ya mtundu wosayaka msanga, ndiye lamulolo silinkaikhudza mpaka pomwe linasinthidwa mu 1952. Kafilimu koonetsedwa m'holo ya tchalitchi kapena pa balaza la munthu, kwa abale ndi anansi, sikankadutsa m'manja mwa khonsolo. Kuchepa kwake ndi komwe kanapulumukira. Chimene akanaopa kwambiri ndi mlandu woipitsa mbiri ya munthu, ndipo njira yozemba ndi yodziwika: tauni yopeka, khansala wa dzina lopeka. Oonera ankatha kulumikiza okha.

Pamenepa ndikuchenjezeni, mayi. Musatenge kafilimuko ngati umboni wakuti khansala wa m'tauni imeneyo anabadi. Ndi sewero, ndipo ena ankangotengera nkhani za zigawenga za m'makanema a ku America zomwe ankazikonda. Umboni wodalirika uli kumbuyo kwa osewerawo. Kaonereninso kachiwiri osayang'ana nkhope: onani mapepala omatidwa mopingasa pa mawindo kuti magalasi asamwazike bomba likaphulika, matumba a mchenga pa makomo, utoto woyera m'mphepete mwa msewu wothandiza oyenda mumdima, ndi kuchepa kwa magalimoto. Wojambulayo sanazikonze zimenezo, anangozipeza.

Zambiri mwa filimuzi zinali za mtundu woti yomwe inali m'kamera ndi yomweyo imapita m'pulojekita, popanda kope lina. Ikatayika, yapita. Ikasungidwa pa chinyontho imayamba kununkha viniga, kukwinyika, mpaka kufa. Zomwe zatsala zili m'malo osungira mafilimu akale ngati Yorkshire Film Archive ku York, North West Film Archive ku Manchester, ndi East Anglian Film Archive ku Norwich, komwe amasunganso mafilimu a bungwe la Institute of Amateur Cinematographers lomwe linayamba mu 1932. Popeza inu muli konko, tsegulaninso masamba a pa intaneti a bungwe la mafilimu la British Film Institute (BFI), pomwe pali mafilimu ambiri a anthu wamba oonera ulere. Mukakapeza kena kotere, lemberani osunga filimuyo muwafunse za gulu lomwe linajambula, chifukwa kawirikawiri mipukutu imabwera kwa iwo m'katoni limodzi ndi timapepala ta eni ake.