Kwa adzukulu anga amene mumachoka mapemphero akangotha

Adzukulu anga, funso lanu ndalimva. Mukuti mumapita kutchalitchi Lamulungu lililonse, mumamvetsera Mawu, mumaimba ndi kupereka chopereka, koma simuona chifukwa chotsalira pa macheza a parishi, kaya ndi chikondwerero cha pachaka, kaya kudyera limodzi mapemphero akatha, kaya misonkhano ya m'miphakati mkati mwa sabata. Mukuti kumeneko kumachuluka miseche, kusonkhetsana ndalama ndi kuonetsana zovala, ndiponso kuti wachinyamata amangoitanidwa kukanyamula mipando ndi kutsuka mbale akuluakulu akadya. Zina mwa zimenezi ndi zoona ndithu, ndipo zimandipweteka monga zimakupwetekerani inu. Komabe ndikukupemphani kuti muzitsala, chifukwa pa macheza amenewa ndi pamene pamaonekera ngati zimene tangopemphera m'tchalitchi zalowadi mumtima.

M'tchalitchi tonse timayang'ana kutsogolo, ndipo mnzako umangomuona kunkhongo. N'zotheka kukhala pa benchi limodzi ndi munthu kwa zaka zambiri osadziwa dzina lake, osadziwa kuti ntchito inamuthera kapena kuti ali ndi mwana wodwala kunyumba. Anthu akakhala pansi kudyera limodzi amayang'anana kumaso, ndipo pamenepo m'pamene amayamba kudziwana. Akhristu oyamba ankachidziwa bwino chimenechi. Pa Machitidwe a Atumwi 2:42 timawerenga kuti ankalimbikira zinthu zinayi, zomwe ndi chiphunzitso cha atumwi, chiyanjano, kunyema mkate ndi mapemphero, ndipo mavesi otsatira amanena kuti ankadyera pamodzi m'nyumba zawo mosangalala. Ngakhale anthu akunja ankachiona. Cha m'chaka cha 112, Pliny, amene anali bwanamkubwa wa Aroma ku Bithynia, analembera mfumu Trajan kuti Akhristu amasonkhana kusanache pa tsiku loikika kukaimbira Khristu, kenaka amabalalika, n'kudzakumananso kuti adye chakudya wamba.

Zimene mukudandaula nazo n'zakalekale. Ku Korinto mpingo unkasonkhana kudya pamodzi pochita Mgonero wa Ambuye, koma aliyense ankathamangira kudya zake, moti wina ankatsala ndi njala pamene wina waledzera. Paulo anawalembera mosabisa mawu, pa 1 Akorinto 11, kuti misonkhano yawo imawaipitsa m'malo mowapindulitsa, ndiponso kuti akunyoza mpingo wa Mulungu ndi kuchititsa manyazi osowa. Koma taonani mankhwala amene anawapatsa. Sanawauze kuti aleke kusonkhana. Anawauza kuti akamasonkhana kudya azidikirana. Amene ali ndi nthawi ndi chuma amafika msanga, pamene wantchito amene sangachoke mpaka bwana wake amulole amafika mochedwa, ndipo kumudikira munthu wotereyu ndiko kuvomereza kuti ndi mbale wako.

Choncho mukatsala pa macheza, maso anu asakhale pa tebulo la alendo olemekezeka. Yang'anani m'mbali. Mudzaona mayi wamasiye wokalamba ataima pafupi ndi khoma, mbale ili m'manja, akulola anthu kumudutsa mmodzimmodzi chifukwa alibe mphamvu zokankhana pa mzere ndipo akuchita manyazi kupempha, mpaka ogawa ayamba kukokota m'mapoto iye asanalandire. Mudzaonanso mnyamata amene wangosamukira kumene m'deralo atakhala yekha pa mpando wakumapeto, akuyang'anayang'ana foni yake ngati wotanganidwa pamene akungobisa kusungulumwa. Mayi uja mutengereni chakudya, mumupezere pokhala, ndipo mukhale naye pang'ono. Mnyamata uja mum'funse dzina, mumuuze lanu, ndipo mupite naye kwa anzanu. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo ambiri amene anasiya kubwera kutchalitchi sanachoke chifukwa cha chiphunzitso, anachoka chifukwa anabwera kangapo popanda wowapatsa moni. Yakobo, mu mutu 2 wa kalata yake, anadzudzula mpingo umene umapatsa malo abwino munthu wa mphete yagolide ndi kuuza wosauka kuti aimirire uko, ndipo Yesu pa Luka 14 analangiza kuti poitana anthu kuphwando tiziitana osauka, olumala ndi akhungu, amene sangatibwezere.

Pa nkhani ya ndalama ndikugwirizana nanu kwambiri. Chikondwerero chimafuna zosonkha, ndipo palibe cholakwa pamenepo, koma kuwerenga mokweza mayina a amene sanapereke, kapena kugawa chakudya poyang'ana amene anasonkha zambiri, kumathamangitsa anthu omwe amafunikira chiyanjano koposa onse. Tertullian, mlembi wachikhristu wa mu mzinda wa Carthage, polemba cha m'chaka cha 197, anafotokoza kuti Akhristu ankaponya kangachepe m'bokosi kamodzi pa mwezi, aliyense mwa kufuna kwake ndi monga angathere, popanda wokakamizidwa, ndipo ndalamazo zinkadyetsa ndi kuika m'manda osauka, kusamalira ana amasiye, okalamba ndi omangidwa chifukwa cha chikhulupiriro. Muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti komiti ifotokoze mmene ndalama zalowera ndi mmene zatulukira. Funso lotere mulifunse pa msonkhano, pamaso pa onse, chifukwa likamanong'onedwa kuseri limasanduka miseche yomweyo imene mukudana nayo.

Za kunyamula mipando ndi kutsuka mbale, ndikufuna muganizirenso. Pa Machitidwe 6, Akhristu olankhula Chigiriki ku Yerusalemu anadandaula kuti akazi awo amasiye akuiwalidwa pa kugawa chakudya kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanakwiye ndi dandaulolo. Anauza mpingo kuti usankhe amuna 7 a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru, kuti ayang'anire ntchitoyo, ndipo pakati pawo panali Stefano ndi Filipo. Onse 7 anali ndi mayina a Chigiriki, zimene zimapatsa maganizo akuti ntchito inaperekedwa kwa anthu a mbali yomwe inadandaula. Ngati kugawa chakudya kunafuna anthu odzala ndi Mzimu ndi nzeru, ndiye kuti si ntchito yonyozeka. Wogwira chipande ndiye amadziwa amene wadya ndi amene watsala, motero ali ndi mphamvu yokonza zinthu kuposa wokhala pa tebulo lapamwamba. Chimene sindikondwera nacho n'chakuti ntchitoyi isiyidwe kwa amayi ndi atsikana omwewomwewo chaka ndi chaka, iwo n'kumadya zotsala ataimirira anthu onse atabalalika. Anyamata, vulani majekete mukathandize. Ndipo kwa akulu anzanga ndikunena kuti wachinyamata amene amanyamula mipando ayeneranso kukhala ndi mpando mu komiti yokonza mwambowo.

Pali makhalidwe ena oyenera kusamala. Nkhani imene munthu waiulula pa msonkhano wa mphakati popempha mapemphero ithere pomwepo, chifukwa ikangomveka kunja, munthuyo sadzatsegulanso pakamwa, ndipo enanso adzatseka awo. Musajambule anthu akudya, akulira kapena akulandira thandizo n'kuika zithunzizo pa Facebook kapena pa WhatsApp musanawapemphe. Gulu la pa foni ndi lothandiza kukumbutsana za misonkhano ndi kudziwitsana za matenda ndi maliro, koma silingalowe m'malo mwa kukhala pansi ndi munthu. Mipingo imasiyana pa nkhani ya zakumwa zoledzeretsa, choncho tsatirani mwambo wa mpingo wanu, koma dziwani kuti palibe mpingo umene umavomereza kuledzera. Kudziwana kwa mnyamata ndi mtsikana pa macheza a mpingo n'kwabwino, ndipo mabanja ambiri olimba anayambira pamenepo, malinga zichitike poyera ndi mwaulemu, popanda kuumiriza amene wakana.

Musamangodziunjika achinyamata nokhanokha pakona. Gulu lanu ndi lofunika, koma parishi ndi amodzi mwa malo ochepa kumene khanda, wophunzira, wamalonda ndi nkhalamba amakumana popanda wina kufunapo phindu kwa mnzake. Patsani moni okalamba, afunseni za mmene mpingo unayambira, ndipo akayamba kubwereza nkhani imene mwaimva kale, pirirani.

Chikondwerero chisanathe, funsani akuluakulu a miphakati kuti ndani sanabwere ndipo n'chifukwa chiyani. Pamakhala odwala, okalamba amene miyendo inawakana, ofedwa kumene, ndi ena amene anakhala kunyumba chifukwa chosowa chosonkha kapena chovala. Patulani gawo lawo chakudya chisanathe, mugawane mayina, ndipo mupite awiriawiri tsiku lomwelo kukawapatsa ndi kuwafotokozera zimene zachitika. Mukafika musangopereka mbale pakhomo n'kubwerera, lowani mukhale pansi, ndipo ngati akufuna, mupemphere nawo musanatsanzike.