Amayamba ndi chamba kapena amayamba ndi matenda?

Achemwali, mwafunsa ngati anthu ogona m'misewu amasokonezeka mutu chifukwa cha mowa ndi chamba, komanso ngati kuwathandiza si kutaya nthawi poti sasiya.

Zimachitika mbali zonse ziwiri. Alipo amene chamba chinawasokonezadi, makamaka amene anayamba kusuta ali aang'ono, n'kumasuta tsiku ndi tsiku. Koma ena matenda ndi amene anayamba. Nthenda ya m'maganizo yotchedwa schizophrenia kawirikawiri imayamba munthu ali wachinyamata, asanafike zaka 30. Amamva mawu amene ena sakuwamva, ntchito imamuthera, achibale amatopa naye, mapeto ake n'kupezeka akugona panja. Kumeneko tulo sitibwera chifukwa choopa kumenyedwa ndi kuberedwa, ndiye amamwa kuti agoneko, kuti aiwale kuzizira, kuti mawu aja akhaleko chete. Ngakhale mankhwala a kuchipatala atamupatsa, awasunga pati? Kathumba kanyowa ndi mvula, mawa kabedwa, tsiku lokaonananso ndi dokotala ladutsa osadziwa.

Chimene chimandiwawa ndi mawu akuti "yamba wasiya mowa, kenako tikuthandiza." Kothandiza za maganizo amamubweza chifukwa akumwa, kothandiza kusiya mowa amamubweza chifukwa akudwala. Alowera kuti?

Mu 1992 ku New York, katswiri wa zamaganizo Sam Tsemberis anatembenuza zinthu. Anayamba kupatsa anthu otere nyumba osawauza kuti asiye kaye kumwa, alangizi ndi azaumoyo n'kumawayendera komweko. Njirayi imatchedwa Housing First. Finland inaitengera mu 2008 ndipo chiwerengero cha anthu opanda pokhala chinatsika kwambiri. Ku Canada anaiyesa kuyambira 2009 mpaka 2013 m'mizinda 5, pa anthu pafupifupi 2,000. Opatsidwa nyumba anakhazikika kuposa anzawo amene analandira chithandizo cha nthawi zonse, koma kumwa kwawo sikunachepe kuposa kwa anzawowo. Nyumba payokha sichiza, komabe munthu amene wagona mokwanira ndipo akudziwika kumene amapezeka ndi amene dokotala angathe kumutsatira.

Mukafuna kuthandiza mmodzi, chonde musamukakamize kusiya mowa mwadzidzidzi. Amene wamwa kwambiri kwa zaka akadula tsiku limodzi akhoza kunjenjemera, kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene. Kusiya kotere kumafuna achipatala. Mufunseni dzina lake, muperekezeni kuchipatala ngati wavomera, ndipo mukamuuze dokotala zonse ziwiri, za mowazo ndi za mawu akumvawo.