Mwana wanga akuphunzira zolankhula ndi anthu pa nthawi ya ngozi, kodi ntchito ilipo?

Bambo ena a ku Chibavi atumiza funso. Mwana wawo wamkazi ali chaka chachitatu pa yunivesite kuno ku Mzuzu, akuchita digiri ya zofalitsa mauthenga. Semesita ino wasankha phunziro la momwe mabungwe amalankhulira ndi anthu kukagwa ngozi, mliri kapena vuto ladzidzidzi, ndipo akufuna kuti kafukufuku wake womaliza akhalenso pa nkhani yomweyo. Bambowo akuti: "Fizi ndimaipeza movutikira. Kodi zimenezi zimalembetsa ntchito? Kapena akungophunzira kunamira mabwana zinthu zikawavuta?"

Bambo, ndiyambe ndi funso lachiwirilo poti ndi lomwe likukusowetsani mtendere. Aneneri amene amaona ngati ntchito yawo ndi kuphimba zinthu alipo, timawamva pa wailesi. Koma mphunzitsi wodziwa phunziroli amayamba ndi kuuza ophunzira kuti bodza la pa nthawi ya ngozi silichedwa kuululika, ndipo likaululika anthu samveranso chilichonse, ngakhale mawu owapulumutsa. Bungwe loona za matenda la ku America, CDC, lidakonza malangizo ake mu 2002, ndipo amagwiritsidwa ntchito m'makalasi ambiri: lankhula msanga, nena zoona, sonyeza kuti ukumva ululu wa anthu, ndipo uwapatse chochita. Nkhani imene ophunzira ambiri amayambira ndi ya mu 1982 ku Chicago, pamene anthu 7 adamwalira atamwa mankhwala a Tylenol omwe munthu wina adathiramo poizoni. Kampani ya Johnson & Johnson, mwini wake wa mankhwalawo, idauza dziko lonse kuti lisiye kumwa mankhwalawo, nichotsa pa msika mabotolo pafupifupi 31 miliyoni. Idaluza ndalama zambiri, koma anthu adabwereranso kumagula.

Komabe ine ndimati mwana wanuyo asathere nthawi yake yonse ku Chicago. Zathu zomwe n'zokwanira kudzaza semesita. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, mpaka bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena. Mu Meyi 2021 unduna wa zaumoyo udatentha poyera katemera wa Covid-19 pafupifupi 20,000 amene masiku ake adatha, pa nthawi yomwe mabodza a pa WhatsApp ankaopseza anthu kukabayitsa. Bwanji adatentha atolankhani akuona, osangotaya mwakachetechete? Ankafuna kuti munthu wopita kukabayitsa asakayike kuti akumupatsa wotha ntchito. Ena amati zidathandiza, ena amati chithunzi cha katemera ali pa moto chidangowonjezera mantha. Mkangano ngati umenewu ndiwo ophunzira amakhalira pansi kuukambirana, ndipo ulibe yankho limodzi lokonzeratu.

Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ndiye phunziro lowawa koposa. A zanyengo adachenjeza kusanachitike, koma anthu oposa 1,000 adatisiya, ambiri a iwo m'munsi mwa phiri la Soche ku Chilobwe ndi m'maboma a kummwera. Chenjezo likamati kugwa mvula ya mamilimita akutiakuti, mayi wa ana anayi wokhala m'nyumba ya lendi samvapo chochita. Iye akufuna kudziwa kuti apite kuti, anyamuke nthawi yanji, katundu wake amuyang'anira ndani. Inu a ku Chibavi simufunika kuuzidwa zimenezi, madzi a mu Epulo 2016 mudawaona, monganso anzanu a ku Masasa ndi Mchengautuwa.

M'kalasi yabwino zimayenda chonchi. Mphunzitsi amati: ndi 6 koloko m'mawa, ana ambiri pa sukulu yogonera komweko atsekula m'mimba usiku, makolo ayamba kuimba mafoni, ndipo pa gulu la WhatsApp pakuyenda uthenga wa mawu wakuti atatu amwalira. Muli ndi mphindi 30. Wophunzira wongoloweza notsi amalemba kuti: "Sukulu ikufufuza za nkhaniyi ndipo idzapereka tsatanetsatane pa nthawi yake." Kholo likawerenga zimenezo limakwera minibasi nthawi yomweyo, mtima uli m'mwamba. Wophunzira amene wagwira nkhani amalemba kuti: "Ana ena adwala m'mimba usiku wathawu ndipo ali kuchipatala. Palibe amene wamwalira. Choyambitsa sichinadziwike, a zaumoyo atenga madzi ndi chakudya kukayeza. Makolo a ana odwalawo tikuwaimbira mmodzimmodzi. Tilankhulanso nanu 10 koloko." Kenako mphunzitsi amamuimika kutsogolo, anzake n'kukhala atolankhani ndi makolo olusa. Mufunseni mwana wanu ngati zoterezi amachita. Ngati akungolemba notsi ndi mayeso, akambirane ndi anzake azidzichitira okha madzulo, foni imodzi ikukwana kujambula ndi kudzimvetsera.

Tsopano za ntchito. Simudzaona kawirikawiri nyuzipepala ikulengeza ntchito ya dzina la phunziroli. Luso limeneli limalowa m'maudindo ena: mneneri wa khonsolo, wa chipatala, wa banki, wa ESCOM kapena wa Northern Region Water Board yomwe likulu lake lili konkuno, ofalitsa mauthenga a zaumoyo m'maofesi a zaumoyo a m'maboma, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, Malawi Red Cross Society ndi mabungwe omwe si aboma, ndiponso nyumba zoulutsira mawu. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano loona za ngozi m'malo mwa la 1991, ndipo likutsindika zokonzekera ngozi isanagwe, zomwe sizingatheke popanda anthu odziwa kulankhula ndi midzi.

Ndisakunamizeni, malo ndi ochepa. Ntchito zambiri za m'mabungwe ndi za makontirakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo chichokereni thandizo la USAID mu 2025 zachepanso. Ambiri amayamba ndi kuphunzira ntchito pa kandalama kochepa. Mwana wanuyo adzapikisananso ndi anzake a ku yunivesite ya MUST ku Thyolo omwe digiri yawo yonse ndi ya zangozi, ndi a utolankhani a ku yunivesite ya MUBAS. N'chifukwa chake sindimalangiza wophunzira kuti adzitche katswiri wa zangozi zokha. Akhale wolemba bwino, wodziwa kukonza pulogalamu ya pa wailesi ndi kanema wamfupi wa pa foni, ndipo zangozizo zikhale mbali imene amaposera anzake.

Pali chinthu chimene ana a kuno amakhala nacho osachiwerengera, ndicho zilankhulo. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700, adavuta kwambiri m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay ndi Rumphi. Msodzi wa pa doko samva uthenga wolembedwa m'Chingerezi ku Lilongwe n'kumasuliridwa mothamanga. Mwana wokulira ku Chibavi, wolankhula Chichewa ndi Chitumbuka, mwinanso wakumva Chitonga, akadziwa kulemba uthenga wa masekondi 40 woti uwerengedwe pa Radio Tigabane kapena Voice of Livingstonia, ali ndi chinthu chomwe ofesi zambiri zimachisowa. Koma aphunzirenso nkhaniyo payokha. Sangafotokozere anthu za kolera asakudziwa momwe amafalira, kasungunulidwe ka Thanzi ORS ndi kathiridwe ka klorini m'madzi. Pa holide akadzipereke ku Red Cross kapena azitsagana ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ndipo chilichonse chimene walemba kapena kujambula azisunga m'fayilo imodzi. Pa intavyu fayilo imeneyo imalankhula kuposa magiredi.

Za kafukufukuyo, mumulole, koma asankhe mutu woti angafike ndi miyendo yake. Mwachitsanzo, anthu a m'malo otsetsereka a ku Masasa chenjezo la mvula amalimva kudzera kwa ndani, wailesi, mabuloko lida, tchalitchi kapena WhatsApp, ndipo akalimva n'chiyani chimawaletsa kusamuka? Mutu wotere sufuna ndalama zambiri zoyendera, ndipo akhoza kukausonyeza ku khonsolo ya mzinda akamafuna malo ophunzirira ntchito. Atenge kalata ya ku dipatimenti yake ndi chilolezo cha kafukufuku mvula isanayambe, kuti mafunso ake adzawafunse m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene mvula ya kuno imakhala itakhwima.