Kupalasa njinga kuchigwa kuno popanda kulimbana ndi magalimoto: yankho langa kwa achemwali a ku Nchalo

Ndalandira imelo yochokera kwa achemwali ena amene angosamukira kumene ku Nchalo pa ntchito. Akuti adakali ku Blantyre anagula njinga ya gravel yapakaunjika, ija ya mahandulo opindikira pansi koma matayala onenepa, ndiye chibwerereni kuno njingayo yangokhala m'nyumba chifukwa M1 ikuwaopsa. Akufunsa ngati kuno kuli njira zafumbi zoti munthu nkupalasa osakumana ndi magalimoto, poyambira pake ndi pati, komanso ngati njinga yawoyo ingapirire.

Achemwali, mantha anuwo ndi oyenera ndipo musawachititse manyazi. M1 pakati pa Dyeratu, Nchalo ndi Ngabu ndi msewu wopapatiza, maminibasi amathamangira makasitomala, ndiye nthawi yodula nzimbe muwonjezerepo mathiraki ndi mathirakitala, munthu wa njinga amangokhala wokhotera kutchire basi. Koma njira zina zilipo, zambiri zedi, mukangosiya tala nkulowa kumudzi mphindi khumi zokha phokoso lonse latha, mwatsala inu, mitengo ya malambe, misangu, minda ya thonje ndi mapira. Ndipo kuno nkwathyathyathya, si ngati ku Blantyre kuja komwe kungotuluka pageti wayamba kale kukwera mtunda. Chomwe chimagonjetsa anthu kuno si mapiri ayi, ndi dzuwa, dothi ndi madzi, ndipo ndikhala pamenepo kwambiri chifukwa njinga yanuyo ilibe vuto.

Ndiyambe ndi dzuwa. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, m'mawa kumakhala kozizira bwino, misewu yauma koma fumbi silinafike poipa. Mu Juni ndi Julaye kumaomba mwera, ndiye nzeru yake ndi kuyamba ulendo molowera kummwera mphamvu mudakali nazo, pobwerera mphepo izikukankhani kumsana. Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, si zokokomeza, ndipo nthawi imeneyo ngati simunanyamuke cha m'ma 5 koloko kuti pofika 9 mukhale mwabwerako, bola kungokhala. Mutu ukayamba kuwawa, thukuta nkusiya kutuluka pomwe kukutentha, tsikani pomwepo mupeze mthunzi, osanena kuti ndingomaliza kaye kamtunda aka. Madzi tengani malita awiri ngakhale ulendo uli waufupi, ndi kapaketi ka Thanzi ORS m'thumba. Mijigo ilipo m'midzi yambiri koma ina madzi ake ndi amchere moti ludzu limangowonjezekera, funsani amayi amene mwawapeza akutunga, akuuzani mjigo wa madzi abwino uli pati.

Tsopano dothi. Madera ambiri, makamaka mbali ya Ngabu, kuli makande, dothi lakuda lija. Likauma limang'aluka, ndipo pomwe panadutsa ng'ombe kuli matope mapazi ake amaumirapo, ndiye njinga imangoti gudugudu mpaka manja kuchita dzanzi, mankhwala ake ndi kuphwetsako matayala pang'ono, osapopa gwa ngati mukuyenda pa tala. Koma mvula ikangogwa, ngakhale yausiku umodzi, musayerekeze. Makande amakakamira ngati nsima yopserera pansi pa poto. Mamita ochepa okha tayala layamba kunenepa, matope akuunjikana pakati pa tayala ndi felemu, kenako wilo langoima njii, mukati mukankhe silikuzungulira, mukati munyamule njinga yalemera kawiri, nsapato nazo zasanduka zidina. Mukakakamiza kupalasa ndi pomwe kachitsulo kosinthira magiya kumbuyo kaja kamapindika kapena kuthyoka, ndipo kameneko simukapeza pa Nchalo. Choncho kuyambira Disembala mpaka Malichi njira zambiri zakumudzi muziwerenge kuti zatsekedwa, olo kumwamba kukuwala bwanji.

Minga nayo ndi nkhani. Mbuzi ndi ng'ombe zimayenda paliponse, anthu amatchinga minda ndi nthambi zaminga, ndiye tizidutswa timagwera munjira. Ngati matayala anu ndi a tubeless, aja opanda tchubu mkati, onetsetsani kuti madzi omata pobooka aja alimo ndipo sanaume, pakuti kutentha kwa kuno kumawaumitsa msanga. Ngati ndi a tchubu, nyamulani machubu awiri, zigamba, guluu ndi pampu yanuyanu. Apa mumve bwino. Okonza njinga ali pa msika uliwonse ndipo ndi akatswiri, kumata tchubu, kuwongola wilo, kulumikiza tcheni, zonsezo ndi zamasewera kwa iwo, koma katundu amene amasunga ndi wa njinga za kabaza ndi za mountain bike. Tchubu cha 700c, saizi ya mawilo a njinga zambiri za gravel, sachisunga, ndipo valavu yowonda ija ya Presta pampu yawo sigwira, ndiye kagulenitu ka adaputa kakang'ono ku Blantyre muzikasunga m'kachikwama ka pansi pa chishalo.

Nanga mupite kuti? Poyamba musapite patali. Kuchokera pa Nchalo pomwepo tengani njira zolowera kumadzulo, mbali ya nkhalango yosungira nyama ya Lengwe, muzizungulira m'midzi ya kunja kwa mpanda nkubwerera, makilomita 15 kapena 20 akukwanira kuti thupi lizolowere. Misewu ya m'minda ya nzimbe imaoneka yokoma, yowongoka ndi yosalala, koma ndi ya kampani ya Illovo, muyambe mwapempha chilolezo, komanso nyengo yodula imakhala ndi magalimoto akuluakulu kuposa M1 imene mukuithawayo. Mukazolowera, kwezani njinga mpaka pa boma la Chikwawa mupalase msewu wopita kunkhalango yosungira nyama ya Majete, ndi makilomita pafupifupi 20 kukafika pageti, kufupi ndi mathithi a Kapichira, magalimoto ake ndi apo ndi apo. Koma pageti ndi pothera. Majete chiyambire kuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mu 2003 anabwezeretsamo nyama zambiri, mikango inabwerera mu 2012, njovu ziliko, ku Lengwe nako kuli njati, si malo ongolowa ndi njinga mwa iwe wekha.

Njira yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse ndi ya tsidya la kummawa kwa Shire. Mukawoloka Kamuzu Bridge nkufika pa Thabwa, m'munsi mwa zitunda zotsikira kuchokera ku Blantyre, pali msewu wolowera ku Livunzu, Masenjere mpaka ku Fatima. Chigawo china ndi tala, kwina fumbi ndi miyala, kumanzere kwanu mapiri a Thyolo akukuperekezani njira yonse, kumanja dambo la Elephant Marsh lomwe linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 2017. Mumadutsa minda ya mpunga ya ku Nkhate ndi Muona, timitsinje totsika m'mapiri, misika yokhala ndi nthochi, nzimbe ndi nsomba zouma, moti njala simungafe nayo. Kumeneko kumafuna tsiku lathunthu ndi mnzanu woyenda naye, osati ulendo woyamba.

Mapu a pafoni musawakhulupirire kwambiri. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anasintha zinthu zambiri, milatho ina inapita, mitsinje ina inasiya khwawa lake nkutsegula lina, ndiye foni ikuuzani kuti pali msewu pomwe pali mchenga wokhawokha. Mapu enieni ndi anyamata a kabaza. Iwowa amadziwa powolokera mtsinje wa Mwanza pomwe mchenga wake ndi wolimba, njira yachidule yodutsa kuseri kwa sukulu, mudzi womwe uli ndi agalu olusa. Ine ndikanakhala inu ndikanapangana ndi mmodzi wodalirika, mwina amene anzanu akuntchito amamudziwa, nkumulipira ndalama ya m'mawa wonse kuti azitsogola. Ndipo mukamapalasa yang'anani pansi, m'mbali mwa msewu uliwonse wafumbi muli kanjira kosalala kopapatiza komwe matayala awo anapondaponda, tsatani kameneko, mabampu onse mumawasiya pakati. Kumtsinje kokha samalani, kaya mwatenthedwa bwanji musakasambe m'manja kapena kutsuka njinga m'mphepete mwa Shire kapena m'madambo ake, ng'ona ndi mvuu za kuno zapweteka anthu ambiri.

Chinanso achemwali, njira zopanda magalimoto sizitanthauza njira zopanda anthu. Muzikumana ndi ngolo, ng'ombe zopita kukamwa madzi, ana asukulu, amayi asenza nkhuni amene sangatembenuke msanga, ndi njinga zamoto zomwe zimatulukira pakona mwadzidzidzi. Ikani belu, ndipo muziliza mudakali patali. Njira zambiri zimadutsa pakhomo penipeni pa anthu, ndiye chepetsani liwiro, perekani moni, kwa akuluakulu mutsikeko ndithu ngati mukufunsa njira, kumbali ya Nsanje mukathandizidwa nenani kuti takhuta muone momwe nkhope zimasukira. Kabudula wothina wopalasira uja palibe vuto muli panjinga, koma kachitenje kakhale pafupi koti nkumanga mukaima pamsika kapena pamjigo. Mukaona masamba aikidwa pamsewu ndiye kuti pali maliro, tsikani, vulani chipewa, muzikankha njinga mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo.

Loweruka likubwerali yambani ndi ka ulendo ka mbali ya Lengwe kaja, nyamukani kusanache bwino, muuze wina kunyumba komwe mwalowera ndi nthawi yobwerera, foni ikhale yodzaza moto. Mukabwerako mundilembere kuti matayala anu ndi a saizi yanji ndipo mchenga anauona bwanji, tione ngati pakufunika kusintha musanayese tsidya la kummawa.